Nyenga ndi Maliro a Thunthu la Nthochi

Padangokhala, anthu inu. Vomerani kuti tili tonse, ngakhale pofika pogawana chakudya sitikhala tonse ayi.

Kalekale nyama zidali ndi boma lawo, ndipo zidali ndi zipani ziwiri. Chipani cha Nyanga chidali cha nyama zonse zomera nyanga pamutu, mtsogoleri wake Njati. Chipani cha Zikhadabo chidali cha nyama zokanda ndi zokumba, mtsogoleri wake Kambuku. Pa chisankho Njati adapambana, nakakhala mfumu ku Likulu. A Kumtunda adavotera Njati. A Kudambo adavotera Kambuku. Njati adazidziwa zimenezo, ndipo njati si nyama yoiwala.

Chaka chomwecho mvula idachita kukhuthuka, mtsinje udasefukira, Kudambo konse n'kulowa madzi. Nyumba zidagwa, chimanga cha m'minda chidapita, mphasa ndi zofunda zomwe. Madzi ataphwa adasiya chinyontho m'madimba. Wa Kudambo aliyense ankadziwa kuti ukabzala chinyonthocho chisanathe, ana ako adya. Ukachedwa, uwanyamula mmodzimmodzi kupita nawo kumanda. Koma mbewu padalibe. Mbewu idali mu nkhokwe za boma ku Likulu, ndipo nkhokwezo sizinkatsekulidwa pokhapokha mfumu italengeza ndi pakamwa pake kuti kwakutikwakuti kwagwa ngozi.

Kudamboko kunkakhala Nyenga, kanyama kakang'ono thupi, kochenjera mutu, koma kansanje. Mkazi wake adali Nangondo, mlongo wake wa Gwape wa Kumtunda. Akazi a kwa Gwape samera nyanga, tsono Nangondo adakwatiwa Kudambo popanda womufunsa za chipani. Kwa Nyenga kudatsala nkhokwe yokha, nayonso yopanda kanthu.

Tsiku lina Gwape adatsikira Kudambo, thumba kumutu, bulangete latsopano paphewa. Sadabwere kudzagawira mlongo wake ayi. Adabwera kudzaonetsa.

"Alamu, mwaswera bwanji? Ndamva masiku ano nsomba mukumagwirira kuchipinda."

"Thumbalo mwalitenga kuti?" adafunsa Nyenga.

"Thandizo la ngozi. Mfumu yalengeza kuti Kumtunda kwagwa ngozi."

"Ngozi yanji? Madzi ayamba liti kukwera chitunda?"

"Khitchini yanga inadontha, alamu. Mchere wonse unanyowa. Musaseke, tinavutika."

"Nanga bulangetelo?"

"Ili ndi loti tiiwalire mantha. Madzi aja tinkawaona ali kwanu kuno, mitima inatigunda kwambiri."

Gwape adapita akuimba mluzu. Nyenga adayang'ana bulangete lija mpaka lidakhota pa njira. Malovu adamuwawa m'kamwa.

M'mawa mwake adauyamba wa ku Likulu, kwa Mphalapala, nduna yoona za ngozi. Adaipeza ndunayo itakhala pampando, wantchito akuipukuta nyanga ndi mafuta.

"Wawa, olemekezeka. Ndachokera Kudambo. Madzi atimaliza. Tikupempha mbewu chinyontho chisanathe."

"Kudambo? Kuja anatigenda ndi zitsononkho pa msonkhano kuja?"

"Anali ana, bwana."

"Ana omwewo akupatseni mbewu. Mfumu sinalengeze kuti Kudambo kuli ngozi."

"Nanga matope ali m'makutu mwangamu n'chiyani?"

"Ndi uve. Kasambe. Inu munasankha nokha kukhala pafupi ndi madzi, monga munasankhiranso nokha Kambuku. Madzi abwera kudzakuchezerani, mukudandaula chiyani?"

"Tabwerani mudzaone nokha, bwana."

"Tibwera tikakambirana. Tikakambirana tisankha oti akasankhe tsiku lobwera. Wotsatira!"

Padalibe wotsatira. Nyenga adatuluka, nabwerera kwawo chimanjamanja.

Pasanapite nthawi kudamveka kuti Kumtunda agawanso. Ulendo uno thandizo lidali la amene nkhuku zawo zidadzidzimuka ndi mabingu. Nyenga adati mumtima, ngati mbewu ikutsata nyanga, nanenso ndimera nyanga. Adakazula zinangwa ziwiri m'munda mwa mwini, nazimata pamutu ndi ulimbo, nakaima pa mzere.

Amayi a Kumtunda adali ataima pambali kuimba nyimbo yothokoza. Nyimbo yake idali yoti mimba zathu zinkalira ngati ng'oma, lero wabwera wotitonthoza, Mulungu amuonjezere masiku. Pakati pa nyimboyo padali mpata woikapo dzina la wopereka, ndipo pa mpatapo ankafuula dzina la Njati, m'chiuno mukugwedezeka.

Kumbuyo kwa Nyenga kudaima Mbuzi.

"Achimwene, nyanga zanuzi zikununkhira bwinotu."

"Ndimazidzoza. Yang'anani kutsogolo."

Mzere ukasuntha, Mbuzi kaluma. Ukasunthanso, kaluma. Mmene Nyenga ankafika pamaso pa Mphalapala n'kuti nyanga imodzi itatha yonse.

"Ndiwe nyama yanji iwe?" idafunsa nduna.

"Ndine mdzukulu wa Chipembere, bwana. Kwathu nyanga imakhala imodzi."

"Chabwino. Lonjera mwachipani."

Moni wa a Nyanga udali wogundana mitu. Nyenga adatsinzina, nagunda. Chinangwa chija chidathyoka, thyo! Mkati mwake mbee. Gwape, amene adali atalandira kale thumba lachiwiri, adagwa pansi ndi phwete.

"Alamu anga amenewo! Wa Zikhadabo weniweni! Muyang'aneni kuphaziko!"

Adamuthamangitsa mpaka kumalire, ena kumugunda, ena kumuponda. Mbuzi adatsalira kutola zidutswa.

Chinyontho chidayamba kuchepa. Mwana wamng'ono wa Nyenga adaleka kulira, n'kumangoyang'ana. Nyenga adati, boma landikana, koma ndili ndi mtsogoleri wanga amene ndikuferayu. Adapita kwa Kambuku.

Pakhomo pa Kambuku adapeza amayi ena akuphunzira nyimbo yomwe ija ya mimba zolira ngati ng'oma, kungoti pa mpata paja ankaikapo dzina la Kambuku. Kuseri anyamata ankakweza matumba pa ngolo.

"Mtsogoleri wathu, tavutika chifukwa cha inu. Atimana mbewu poti tinavotera inu."

"Ndikudziwa, mwana wanga," adatero Kambuku akunyambita dzanja. "Ndipo mukuvutika bwino. Matopewo musasambe. Anawo musawaveke malaya, nthiti zizioneka. Chisankho chikubwerachi nyama zonse ziona nkhanza za Njati."

"Chisankho chili kutali, bwana. Chinyontho chikutha."

"Ndikakupatsani mbewu mukolola. Mukakolola mukhuta. Mukakhuta muiwala kukwiya. Ine ndipindulanji? Nayi nsalu."

Adamuponyera nsalu ya chipani yokhala ndi nkhope ya Kambuku yemweyo.

"Kodi nsalu amabzala, bwana? Nanga matumba ali pa ngolowo?"

"Amenewo ndi a ku maliro. Kwamwalira Nsato. Analibe nyanga, analibe zikhadabo, tsono Njati akufuna kunena kuti anali wake. Wanyamula kale bokosi ndi chimanga cha chipepeso. Ine ndingalole kuti amayi aimbe dzina lake yekha pa siwa? Tapatuka, ndachedwa."

Ngolo idanyamuka. Nyenga adatsala ataima, nsalu m'manja. Amoyo tikupempha kambewu kodzaza chikhatho, wakufa akumupititsira ngolo yathunthu! Adaganiza njira yonse, ndipo pofika pa mtsinje adaseka yekha. Adakoleka nsalu ija pa bango m'mbali mwa madzi, nazembera kwawo modzera m'udzu kuti wina asamuone.

"Nangondo, ndafa."

"Mwamwa kachasu wa ndani?"

"Ndikuti ndafa. Mtsinje wanditenga pobwerera kokapempha mbewu. Nsalu yanga aipeza pa bango. Mtembo sudzapezeka."

Nangondo adamvetsa msanga, poti mwambo wa Kudambo ankaudziwa. Wina akapita ndi madzi, mtembo osapezeka, ankadula thunthu la nthochi, kulikulunga mu mphasa, n'kuliika m'manda m'malo mwake, mwambo wonse wa maliro n'kuchitika.

"Tsono inu mukhala kuti?"

"Mu nkhokwemu. Mulibe kanthu, palibe angasuzumiremo. Akuluakulu akabwera, akatula matumba, akapita, ine ndituluka n'kunena kuti madzi anandilavulira kumunsi."

"Mutu wanu sindiukayika, amunanga. Ndikuopa mtima wanuwo. Inu simutha kuona mnzanu akutafuna osamufunsa kuti akutafuna chiyani. Mukatuluka asanapite, matumbawo abwerera nawo, ndipo maliro otsatira adzakhala enieni. Mukhala chete?"

"Iwe mkazi, ndingachitire nsanje ndani pa maliro anga omwe?"

Adaitana Mfuko, mkulu wa adzukulu okumba manda, namuuza zonse. Mfuko adavomera, poti nayenso ana ake ankagona ndi njala. Adadula thunthu la nthochi nalikulunga mu mphasa, kenako adayamba wapita kwa Njati.

"Mfumu, Kudambo kwagwa zovuta. Nyenga wapita ndi madzi."

"Ndiye ine zikundikhudza bwanji? Si wa Zikhadabo ameneyo?"

"Anali atatuluka, mfumu. Nyama zonse zinamuona Kumtunda atavala nyanga. Ankakukondani mpaka kumata chinangwa pamutu. Koma Kambuku akubwera ndi nsalu yake kudzafunditsa maliro, akuti akalankhule kuti munamupha ndinu."

Njati adafwenthera mpweya m'mphuno. "Mangani ngolo!"

Kenako Mfuko adapita kwa Kambuku.

"Bwana, membala wanu Nyenga wapita ndi madzi, nsalu yanu ili m'manja. Koma Njati wagula kale bokosi, akuti malemuwo anali ake."

Kambuku adatulutsa zikhadabo zonse. "Mangani ngolo!"

Tsiku la maliro ngolo za mbali ziwiri zidafika pamodzi, kupanikizana pa njira, za Njati zitanyamula ndi mbewu yomwe kuti Kambuku asamupose. Kudambo kumene nduna idalephera kupeza tsiku lobwera, tsikulo kudafika boma lonse, Mphalapala yemwe, matope mpaka m'mawondo. Nyenga adali gwaa mu nkhokwe, diso pa kabowo. Mudali monyowa, mozizira, modzaza fumbi la anankafumbwe.

Mkangano woyamba udali wa mipando. Njati adati akhala kumutu kwa maliro. Kambuku adati kumutu n'kwake. Adafunsa Mfuko kuti kumutu n'kuti. Mfuko adayang'ana mphasa ija, nati malemuwa adatupa ndi madzi mumzimu, mbali zonse ziwiri n'kumutu. Aliyense adakhala mbali yake. Thunthu lija adaliika m'bokosi la Njati, pamwamba nafunditsa nsalu ziwiri, ya nyanga ndi ya zikhadabo, anyamata a zipani akukokerana ngodya.

Nangondo adalira mokhutiritsa. Njala idamuthandiza.

Idafika nthawi yolengeza chipepeso. Mfuko adaimirira.

"Zikomo mafumu, zikomo nonse. A Kambuku atipepesa ndi chimanga cha phala la ana amasiye."

Amayi a Kudambo adayamba nyimbo ija ya mimba zolira ngati ng'oma, koma moiimba pang'onopang'ono mwa pa maliro, ndipo pa mpata paja adaikapo Kambuku. Khutu la Njati lidagwedezeka. Adakodola Mphalapala, namunong'oneza.

"A Njati, mfumu yathu, atipepesa ndi ngolo ya chimanga, ndi nyemba pamwamba!"

Amayi adatembenuka ngati munthu mmodzi. Nyimbo yomweyo, dzina la Njati. Kambuku adakanda pansi.

"A Kambuku awonjezera makasu!"

Dzina la Kambuku.

"A Njati awonjezera mchere ndi mapoto!"

Dzina la Njati.

Kambuku adaimirira yekha osadikira Mfuko. Adati mwana wake Nyenga adafa akufuna mbewu, mbewu imene boma lankhanza lidamumana, ndipo iye Kambuku, ngakhale sali m'boma, watula thumba la mbewu pamaso pa mayi wamasiyeyu. Amayi adaiwala kuti ali pa siwa, nthungululu zidaphulika, dzina la Kambuku lidabwerezedwa mpaka mbalame kuthawa m'mitengo.

Apa Njati sadathe kupirira. Adadzuka, mpando kugwera kumbuyo.

"Thumba limodzi? Kuchitira chipongwe malemu! Ine monga mfumu ndikulengeza pano kuti Kudambo kwagwa ngozi! Ndinaidziwa kalekale ngoziyi, ndinkangodikira nthawi yabwino. Mbewu yonse ili pa ngolozo itsitsidwe! Banja lililonse libzale!"

Matumba adayamba kutsika. Mu nkhokwe muja Nyenga adadziluma mchira kuti asaseke. Zidatheka. Chidatsala n'choti thunthu lilowe m'manda, akuluakulu azipita.

Koma pa maliro sipalephera woyankhula m'malo mwa banja. Mfuko adafunsa kuti mwini mbumba ndani, malume wa ana amasiyewa. Gwape adatulukira kutsogolo, misozi mbwembwembwe, atakolekera bulangete lake paphewa. Iye za nkhokwe sankazidziwa.

"Mafumu, malemuwa sanali mlamu chabe. Anali ngati mapasa ndi ine. Ndikalandira kanthu, ndinkathamangira kuno kudzagawana nawo."

Nyenga adakukuta mano. Chete, adadziuza, chete.

"Tsiku la ngoziyo ndinali pa mtsinje pomwepo," adapitiriza Gwape. "Ndinawaona ndi maso angawa akukokoloka. Ndinadumphira m'madzi, ine wosadziwa kusambira. Ndinawagwira mchira, koma unaterera. Mawu awo omaliza anati, alamu, mukauze mfumu Njati kuti ndafa ndili wake, ndipo ana anga ndi katundu yense muyang'anire ndinu."

Njati adapukuta m'maso. "Mwamva? Nayu mnyamata wolimba mtima. Kuyambira lero Gwape ndiye wapampando wa thandizo lonse la Kudambo. Mbewuyi agawa ndi iyeyu. Bwera ukhale pafupi ndi ine."

Amayi, poona kumene mbewu idzatulukire, adasinthanso nyimbo. Pa mpata paja padalowa dzina la Gwape.

Mu nkhokwe Nyenga adagwa chagada, nadzukanso. Nzeru zanga, imfa yanga, maliro anga, koma dzina m'nyimbo la Gwape! Ubweya wonse udamuimirira. Nangondo adamva nkhokwe ikugwedera, nakweza kulira kuti aphimbe phokosolo, akufuula kuti amuna anga gonani, gonani ndithu, musadzuke, ganizani za ana. Anthu adati mayiyu chisoni chamusokoneza mutu. Nyenga adamva, nadzigwira pakamwa ndi manja awiri.

Adzukulu adayandikira kuti akhome bokosi. Njati adakweza phazi.

"Taimani. Membala wanga sangapite kumanda wozizidwa. Anafera m'madzi ameneyu."

Mphalapala adabwera ndi bulangete. Silidali ngati la Gwape ayi. Lidali lochindikala, laubweya, lofewa, lochokera kunyumba kwa mfumu komwe. Adatsekula bokosi, nalifunditsa thunthu lija bwinobwino, kupindira m'mbali kuti mphepo isalowe. Kambuku, posafuna kutsalira, adavula chipewa chake nachiika momwemo.

Nyenga adayang'ana thupi lake. Matope ouma, nthiti pamtunda, mano akugundana ndi kuzizira. Chigwere nyumba yake ankagona pa dothi lonyowa. Adapita ku Likulu wamoyo, adamuuza kuti akasambe. Adaima pa mzere wamoyo, adamuponda. Lero thunthu la nthochi, chinthu chosavota, chosamva kuzizira, chosadziwa ndi njira ya ku Likulu yomwe, lagona m'bokosi lopala bwino, lafunda bulangete la mfumu, lavala ndi chipewa!

Nyundo yoyamba italira pa msomali, denga la nkhokwe lidauluka.

"Bulangete limenelo ndi langa! Wafa ndine! Chimtengo chimenecho chavutika chiyani?"

Adatumphira pakati pa anthu ali mbuu ndi fumbi la anankafumbwe, maso psuu.

"Mzukwa!" adakuwa Mbuzi.

Anthu inu, simudaone kuthawa kotero. Njati ndi Kambuku, amene chibadwire sadayendepo njira imodzi, adathawa phewa ndi phewa, wina kumuuza mnzake kuti tadikirani achimwene. Mphalapala adakodwa nyanga mu nsalu ya Zikhadabo nathawa nayo ili kumutu. Amayi a nyimbo adabalalika dzina la Gwape lili m'kamwa. Ngolo, matumba, makasu, zonse zidatsala pomwepo.

Gwape naye adathawa, koma asanapite patali adamva mzukwa uja ukuyetsemula, kenako ukutukwana adzukulu kuti abweretse chozulira misomali. Adaima. Adabwerera pang'onopang'ono.

"Alamu. Mzukwa suyetsemula."

"Ndipo Gwape sasambira," adayankha Nyenga. "Munandigwira mchira uti?"

Nangondo adakhala pansi, manja kumutu. "Ndinanena ine. Ndinanena! Mawa abwera kudzatenga matumba awo. Mwapha ana chifukwa cha bulangete."

Gwape adawongola khosi. "Ine ndikukawauza a mfumu pompano kuti mwawapusitsa. Akusendani chikopa."

Apo m'pamene mutu wa Nyenga udabwerera m'malo mwake. Adakhala pa bokosi paja, napinda miyendo.

"Pitani, alamu. Koma amene waima pamaso pa mfumu n'kulumbira kuti anandiona ndikukokoloka ndani? Ine sindinauze mfumu kanthu, ndinali mu nkhokwe mwanga kupuma. Wanena mawu anga omaliza ndani? Walandira mpando chifukwa cha bodzalo ndani? Njati walira misozi pamaso pa Kambuku chifukwa cha inu. Chikopa changa n'chaching'ono, chanu ndiye chokwana ng'oma."

Gwape adatsitsa khosi lija. "Tsono titani, alamu anga okondedwa?"

"Mupita ku Likulu. Mukanena kuti unalidi mzukwa, ndipo inu nokha ndi amene munalimba mtima kuyankhula nawo. Mukati wakwiya chifukwa thandizo linachedwa. Mukati thumba limodzi lokha likachoka Kudambo, mzukwawo ukagona pakhomo pa mfumu. Mukatero mudzere kwa Kambuku, mukanene zomwezo. Ndipo mbewuyi igawidwa lero, inu mukuonerera, wogawa Mfuko."

Gwape adavomera zonse. Koma atayenda pang'ono adatembenuka, kankhope kake katayamba kuwala.

"Alamu, pali kanthu kamodzi. Ngati unali mzukwa, ndiye kuti inu munafadi. Akadzakuonani pa msika mukugula fodya, tonse tapita, ndi mbewu yomwe adzazula m'madimba. Ndiye kuti kuyambira lero mpaka kale, wamkulu aliyense akamadutsa, inu kulibe."

Nyenga adazunguliza nkhaniyo uku ndi uku kufuna pothawira, osapapeza. Akadakhala chete mu nkhokwe muja, bwenzi mawa lake atatuluka ngati wopulumuka m'madzi, anthu n'kumunyamula pamapewa. Tsopano nyama zonse zidamuona ali mzukwa.

"Sankhani, amunanga," adatero Nangondo. "Kukhala wamoyo pamaso pa Njati, kapena ana kudya."

Nyenga adayang'ana mwana wamng'ono uja, amene adali atakwawira pa thumba lina n'kumanyambita chingwe chake.

"Gawani mbewu," adatero. Kenako motsitsa mawu, "Koma bulangeteli ndiye nditenga."

"Iyayi," adatero Mfuko. "Mawa nduna ibwera kudzaonerera patali kuti malemu aikidwa ndi zonse zimene mfumu inapereka. Tsikani pa bokosipo, mukudetsa katundu wa malemu."

Mbewu idagawidwa tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake Kudambo konse kudali m'madimba chinyontho chikadalipo. Thunthu lidaikidwa m'manda ndi bulangete lake ndi chipewa chake, Mphalapala akuonerera ali patali, mwendo umodzi utaloza kwawo. Palibe thumba lidabwerera ku Likulu. Chimanga chidamera, chidacha, ana a Nyenga adadya, ndi wamng'ono yemwe adanenepa.

Njati adamanga chiliza pa manda paja. Kambuku adachipaka laimu. Chaka ndi chaka zipani zonse ziwiri zimabwera ndi nkhata za maluwa kudzalimbirana malemu Nyenga, ngwazi ya Kudambo. Amapha nkhuku za eni, amaphika mpunga, ndipo woyankhula m'malo mwa banja amakhala wapampando Gwape, amene tsopano adamera mimba. Nkhani ya mchira imatalika chaka chilichonse. Mwini dzina amakhala ali m'udzu, kumva fungo la mpunga wa pa mwambo wake, kudikira kuti Nangondo amubisireko nkhoko za m'poto.

N'chifukwa chake mpaka lero nyenga sayenda mu msewu ngati nyama zinzake. Akakuonani amadutsa liwiro n'kulowa pa tchire, poopa kuti mwina ndinu a boma. Koma mukayenda pang'ono n'kucheuka, mumupeza waima ndi miyendo iwiri, atasolola khosi, kuyang'ana chimene mwanyamula m'manjamo ndi kudzifunsa kuti wakupatsani ndani.

Nthano yanga yathera pompa. Amene anakwirira mbatata pa moto akafukule yekha, ine sanandigawireko.